Matepi Atatu a Malemu Sulemani

— Halo?

— Halo! Halo, mukundimva?

— Ndikumva mphepo yokhayokha. Ndani mnzanga?

— Ndafika kwa mayi Sulemani, ku Nkhotakota?

— Mwafika. Ndine Sharifa, mayi a Amira. Taimani kaye ndikwere. Habiba mng'ono wanga, tandigwirira mtondowu usagubuduke. Eya, yankhulani tsopano.

— Mwati mwakwera chiyani?

— Mtondo. Tauvundikira pakona ya mpanda. Netiweki kwathu kuno imadutsa m'mwamba, pansi siitera.

— Ii, pepani. Ndine Flossie.

— Flossie uti? Wa kuchigayo?

— Ayi mayi, wa ku Blantyre. Flossie. Nasibeko!

— Nasibeko...

— Wa mu Makomo Oyang'anizana! Sewero la pa kanema lija ankatsogolera malemu amuna anu. Koma abale, chaka chino ndi koyamba munthu kundifunsa kuti Flossie uti.

— Pepani, a Flossie. Dzinalo ndimalidziwa bwino. Mawu anuwa ndi amene sindinawamvepo. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya inu mayi?

— Alihamudulilahi, tilipo. Kunyumba ali bwanji?

— Onse ali bwino. Nanga mwana, Amira eti?

— Ali bwino, akusewera kuseriku. Ku Blantyre kuli bwanji?

— Chiperoni, mayi. Masiku atatu dzuwa osaliona. Ndavala majuzi awiri ngati mlonda. Kunyanjako?

— Kuno ndi mwera. Asodzi sakulowa m'madzi, tikudya nyemba ngati anthu a kumtunda.

— Mpunga mwakolola?

— Andikololera achibale. Ine chichitikireni maliro kudambo sindinapondeko.

— Zoona, zoona. Pepani ndithu ndi zovuta zija, mayi. Ife kuno mpaka lero sitikukhulupirira. Pampando pawo palibe amene akukhalapo. Angoikapo mafayilo.

— Zikomo. Ndi chifuniro cha Mwini wake.

— Abwana athu anafuna kukuyimbirani okha. Koma achimwene anu a Faruku, eni foniyi, anati simukuyankhula ndi amuna.

— Ndili pa eda. Mkazi akaferedwa mwamuna amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi. Ine ndatha iwiri.

— Ndiye abwana anakhala pansi n'kuganiza kuti pa situdiyo pano mzimayi waulemu wake, wodziwa kuyankhula ndi anamfedwa, ndani? Sanavutike kuganiza.

— Azimayi mulipo angati pamenepo?

— Awiri. Winayo amaphika tiyi. Koma mayi, ndidule, ndikuyimba pa foni yanga ya m'manja. Ya mu ofesi abwana anaikhoma ndi loko, kiyi amayenda naye m'sokosi. Mayunitsi anga si ambiri.

— Nenani, ndikumva.

— Nkhani ndi ya matepi. Sewero lija lili ndi magawo twente-thu, gawo lililonse tepi yake. Ndiye ntchito yathuyi tepi ili ngati sileti ya mwana wa sukulu. Umalembapo, n'kufufuta, n'kulembaponso.

— Kufufuta?

— Kujambulapo zina pamwamba. Kampani yapeza ntchito yojambula misonkhano ya ndale chigawo chonse cha kummwera. Matepi atsopano adula, sitingawakwanitse. Ndiye abwana alamula kuti a Makomo Oyang'anizana apite.

— Onse?

— Asiyapo atatu. Amenewo tiwapereka kwa a kanema awaonetsenso mwezi wa mawa, pokumbukira malemu. Enawo ali kale m'katoni. Galimoto inyamuka folo koloko.

— Lero lomwe lino?

— Lero. Pano nthawi yadutsa kale hafu pasiti fili.

— Zaka zitatu munthu wosagona kwawo, ndiye zonsezo apakepo nduna zikulonjeza milatho.

— Ndinawauza abwana mawu omwewo, ngakhale ine ndinawakongoletsa pang'ono. Anati situdiyo si nyumba yosungira zakale. Koma anati atatuwo avomereze ndi akubanja, pasadzakhale zonena. Ndiye ine, pofuna kukupeputsirani ntchito, ndasankha kale. Inu mungoti eya.

— Mwandiganizira.

— Ndi khalidwe langa. Komanso inu mukuwadziwa, munaonera.

— Sindinaonerepo.

— Mwati?

— Kanema kuno safika. A Faruku anagula TV ku Dwangwa, n'kumangirira eriyo pa nsungwi zitatu zolumikiza. Anthu anasonkhana, ena anabwera ndi mipando yawo. Inangoonetsa timadontho toyera tikuwirawira, tija amati mpunga. Anthu anati mpunga tili nawo kale kudambo, n'kubalalika.

— Ndiye simunandionepo? Ngakhale kamodzi?

— Ngakhale kamodzi.

— Koma dziko lino lili ndi anthu ovutika.

— Koma magawo onse ndimawadziwa. Lachisanu lililonse akatuluka ku mzikiti pa mapemphero a Jumuwa ankandiyimbira pa telefoni byuro ya kwa Tatu, pa boma. Ine ndinkafika msanga n'kukhala pa benchi. Foni ikalira, Tatu ankangoti, kanema wanu wayamba. Ndiye ankandifotokozera gawo la sabata imeneyo kuyambira poyamba mpaka pothera. Mawu a anthu onse ankachita okha.

— Anga omwe?

— Anu omwe.

— Ankawachita bwanji?

— Ankatsina mphuno.

— Hm. Malemu anali ndi nthabwala zawo. Chabwino, ndiyambe. Loyamba ndi gawo seveni. Pamene mwamuna wa Nasibeko akunyamuka kupita ku Joni.

— Pa depoti paja.

— Eya! Tsiku limenelo ndinadzola maola awiri. Ndafika, ndaima, misozi ndakonza kale ili m'mphepete. A Sulemani akuti, Tedson, tsitsa kamera. Tedson ndi mnyamata wathu wojambula, bambo wa ana anayi koma timangoti mnyamata. Watsitsa. Tsitsanso. Mpaka kamera yaloza manja anga. Mphindi ziwiri zathunthu, mayi, dziko likuonera manja akumasula mfundo ya chitenje, kumanganso, kumasulanso. Nkhope ili pomwepa, yaulere!

— Ankati nkhope imadziwa kunama, manja sanaphunzire.

— Kwa ine sananene choncho. Anangoti, a Flossie, musagwedeze mutu mukutchinga dzuwa. Koma pamapeto ndinawagonjetsa ndi mawu aja. Mpaka lero azimayi amandiimitsa mumsika n'kundinenera. Musandilonjeze tsiku...

— ...tsiku ndimaliwerenga. Ingonenani kuti mubwera.

— Mwaona! Afika mpaka kwanuko kopanda kanema. Mawu amenewo anangonditulukira pomwepo, ngati wina wandinong'oneza.

— Anakunong'onezani ndi iwowo. Ndinawanena ndine, pa depoti ya pa boma pano, tsiku limene ankapita ku Blantyre kukayamba ntchitoyo. Mfundo ya chitenjeyo munali ndalama yawo ya tiyi wa panjira. Ndinkalephera kuwapatsa, chifukwa ndikawapatsa ndiye kuti akwera.

— Ooh.

— Eya.

— Mwina tinangoganiza mofanana.

— Mwina.

— Zimachitika kwa anthu aluso. Ndiye seveni mwavomera?

— Ndavomera.

— Lachiwiri, gawo thwelofu. La zitenje za zipani.

— Limenelo ankalikonda. Anandifotokozera Lachisanu kawiri motsatizana, ine osawauza kuti abwereza.

— Ine poyamba sindinalimvetse. Nasibeko ndi mnzake wa khomo loyang'anizana asiya kuyankhulana chifukwa wina wavala chitenje cha chipani ichi, wina cha chipani icho. Koma chingwe choyanikapo ndi chimodzi. Ndiye nkhope za atsogoleri awiri zili lendelende pa chingwe, kuyang'anana tsiku lonse, eni ake osapatsana moni.

— Kenako mvula.

— Kenako mvula, mnzake uja kulibe. Nasibeko aanula chake, alowa m'nyumba. Aima pakhomo. Atulukanso, aanula cha mdani wake, achipinda bwinobwino n'kuchiika pansi pa khonde. Basi. Mphindi faifi popanda liwu limodzi! Ndinawafunsa kuti, a dayirekita, mwandilemba ntchito yoyankhula kapena yochapa? Anati, lero yochapa.

— Anati kamera anaikweza pa njinga.

— Pa kaliyala! Zipangizo zoyendetsera kamera tilibe, ndiye anamangirira ndi malamba a chubu, Tedson atakhala chammbali ngati thumba la makala. Iwo akukankha njingayo pang'onopang'ono, opanda nsapato kuti mapazi asamveke. Mvula yake inali ya m'ndowa, anyamata awiri ali padenga ndi zitini zoboola. Koma mutaonera mungalumbire kuti ndi ya Mulungu.

— Anabwera kuno pa Idi ndi chilonda kuphazi. Anati anaponda botolo.

— Linali tsiku limenelo. Sanaime mpaka tinamaliza. Magazi tinawaona pambuyo.

— Thwelofu ikhale.

— Zikomo. Tsopano lachitatu, mayi, gwiritsani mpandawo. Gawo naintini. Nasibeko m'khoti.

— Lija mumayankhula nthawi yaitali.

— Mphindi seveni, osapuma, osayang'ana pepala! Anthu analira mpaka ku Mzuzu. Bambo wina wa tayi anandipatsa malo ake pa mzere wa kubanki. Ku tchalitchi kwathu abusa anatengapo ulaliki. Kunena zoona, osadzitama, sewero la dziko lino lili ndi mbali ziwiri: naintini isanaonetsedwe, ndi itaonetsedwa. Malemu anakuuzani chiyani za limeneli?

— Anati munayankhula bwino.

— Basi?

— Anati anatuluka kukamwa madzi, pobwera anakupezani mukadali pakati.

— Ameneyo ndi Sulemani weniweni. Kuyamikira ankachita ngati akulipira msonkho. Ndiye ndalemba: seveni, thwelofu, naintini. Ndikauze abwana kuti akubanja...

— A Flossie.

— Mayi?

— Lachitatu ndikufuna fifitini.

— Halo?

— Ndati fifitini.

— Halo? Mukuduka, mayi. Netiweki ija yakwera m'mwamba.

— Sindikuduka. Ndikukumvani mpaka kupuma kwanu.

— Fifitini. Mayi, mwina mwasokoneza manambala. Pa foni zinthu zimasokonekera. Fifitini mulibe kanthu. Nkhani yake ndi yozizira, mawu sakumveka bwino, kuwala kwake ngati tinajambulira m'nkhokwe. Malemu eni ake akanakhalapo akanati ifufutidwe yoyamba.

— Mwina. Koma ndi imene ndikufuna.

— Anakufotokozerani zimene zinachitika m'menemo?

— Anayamba, koma kuseka kunawakanika. Tatu anachita kubwera kudzaona ngati foni yawonongeka. Ndiuzeni inuyo.

— Ndi nkhani yoti ndinaikwirira.

— Ifukuleni pang'ono.

— Chabwino. Paja ndati matepi ndi osowa. Ndiye ife chilichonse tinkajambula kamodzi. Walakwitsa, walakwitsa, dziko lidya zomwezo. Tsiku limenelo Nasibeko amayenera kutuluka m'nyumba mwaukali, kukalalatira mwini nyumba. Ndinavala wigi yanga yatsopano, yochokera ku Joni, yofika m'mapewa. Pa felemu ya chitseko panali msomali.

— Eya.

— Ine ndinatuluka. Wigi inatsala.

— Pepani.

— Musapepese mukuseka, ndikukumvani. Kumutu kunali timizere ta ulusi, tosapesa sabata ziwiri. Ndabwerera kuti ndiikoke, yakana. Ndipo gawolo limayenera kufika kwa a kanema ola lomwelo. Wodula zithunzi anali ku maliro. Linapita choncho, mayi. Dziko lonse.

— Anthu anaiwala.

— Anaiwala ndani? Makondakitala a ku Ndirande mpaka lero ndikakwera amati, adalaivala, pang'onopang'ono, a Nasibeko agwire kaye katundu wa kumutu! Miyezi itatu ndinkayenda wapansi. Mlamu wanga anakhoma msomali pakhomo pake n'kuutcha dzina langa. Tepi imeneyo m'katonimo ndaiika ndine m'mawa uno, ndi manja angawa, pansi penipeni, ndikuyimba nyimbo ya chitsitsimutso. Ndiye inu mukuti itulukemo, a kanema akaionetsenso?

— Anadzaiwonjola pamsomalipo ndani?

— Chiyani?

— Wigiyo.

— A Sulemani. Ankayesa kuti Tedson wazimitsa kamera, ndiye anangolowa.

— Ndiye akuoneka.

— Akuoneka.

— Nkhope?

— Poyamba msana. Kenako atembenuka kuyang'ana kamera. Eya, nkhope yonse.

— M'magawo enawo?

— Mulibe. Munthu uja kutsogolo kwa kamera ankakuopa ngati kupolisi. Ngakhale chithunzi cha gulu ankati, imani ndikujambuleni ndine.

— N'chifukwa chake. A Flossie, inu kumaliro munafika?

— Tinafika mochedwa. Mwambo wanu ndi wachangu, mayi. Munthu wamwalira m'mawa, ife tikufunafuna maluwa, tikumva aika kale.

— Inu munachedwa ndi maola. Ine uthenga unandipeza kudambo. Basi inatifera pa Salima. Ndinafika mawa lake, achibale awo a ku Blantyre n'kundionetsa dothi. Sindikudandaula, maliro kwathu sagona, anachita zoyenera. Koma ine munthu ndinamuona komaliza pa Idi, akukwera basi, akutsimphina ndi phazi lija. Chithunzi m'nyumba muno chilimo chimodzi, cha pa laisensi. Chidindo chinagwera pa diso, ndipo anali asanayambe kusunga ndevu.

— Mayi...

— Dzana Amira anandifunsa kuti chipsera cha ababa chinali tsaya liti. Ndinati lakumanzere. Iye wapita kukasewera, ine ndatsala ndikukayika. Ndayesa kutseka maso, nkhope ikubwera koma siikukhazikika. Miyezi iwiri yokha.

— Lakumanja. Pansi pa diso.

— Mwaona. Inu mukudziwa.

— Ndinkawaona tsiku lililonse, mayi, si kuti...

— Ndi zomwezo ndikunena. Inu munali nawo Lolemba mpaka Loweruka. Ine ndinali ndi Lachisanu, pa benchi ya kwa Tatu. Anthu kuno ankandiuza zambiri za inu.

— Mayi Sulemani, ine ndi malemu...

— Sindinafunse.

— Ayi, ndinene, pakuti mwayamba. Munthu uja ankandiona ngati kabati yofunika kuisuntha kuti kuwala kudutse. Zaka zitatu sananene n'kamodzi komwe kuti mwatchena. Ine, Flossie! Lachisanu likafika ankatisiya tili chiimire ndi zopakapaka kumaso, akuti ndikukayimba foni kunyanja. Pobwera ankakhala akumwetulira yekha, ife n'kudziwa kuti lero tiweruka msanga.

— Sanandiuze zimenezo.

— Akanakuuzani bwanji, inu ndi amene munkatichedwetsa.

— Ndiye mundithandiza?

— Taimani ndiganize. Anayi sizingatheke, abwana anawerenga okha kawiri, ndipo Tedson wasainira. Kukopera pa tepi ya vidiyo ya kunyumba, makina ake anafa mu Janyuwale, chitsulo chake akuti chikuchokera ku Joni, kaya chikubwera wapansi. Ndiye kuti fifitini ikatuluka m'katoni, ina ilowemo.

— Sankhani ndinu. Ine zonse ndinazimva kale.

— Thwelofu ine sindiyankhulamo...

— Ndi imene anaponda nayo botolo.

— Ndikudziwa, ndikudziwa. Ndimangoganiza mokweza. Seveni?

— Mwini mawu aja mwati ndinu. Mukafuna ichotseni.

— Musandinyoze ndili kale pansi, mayi. Seveni siingachoke. Manja aja ndinkadana nawo, koma ndinakaonera kwa mchemwali wanga, ndipo nditayang'ana m'chipindamo aliyense anali atagwira chitenje chake. Iii. Ndiye yatsala naintini, mphindi seveni zanga zija. Osayang'ana pepala.

— Sindikukukakamizani. Mukati sizitheka, ndikauza Amira kuti lakumanja, basi.

— Mukudziwa kuti akaionetsanso ndiyambiranso kuyenda wapansi?

— Ndikudziwa.

— Ndipo naintini palibe adzaionenso. Ana obadwa mawa adzangomva kuti kunali Flossie, mayi uja wa msomali.

— Ndikudziwa. Ndi zambiri zimene ndikupempha.

— Hm. Mawu a m'khoti aja ndimawadziwa pamtima. Ndikawafuna ndizidziyankhulira kubafa, kumamvekanso bwino kuposa pa kanema. Musadule, ndikutuluka panja. Tedson! Iwe Tedson! Tsitsa katoniyo!

— Sananyamuke?

— Injini yalira kale. Tedson, ndati tsitsa! Usandiuze za nthawi, wotchi ndili nayo. Masula chingwecho. Adalaivala, zimitsani kaye, nduna sizithawa, zimachedwa zokha. Fifitini, ili pansi penipeni. Eya, fifitini. Ukuseka chiyani? Ndati ukuseka chiyani, bambo wa ana anayi? Tenga iyi uikemo. Usaiwerenge, ingoika. Eya, ndi naintini, maso ndili nawo. Tseka pakamwa, ntchentche zilowa.

— A Flossie?

— Ndaitenga, mayi. Ili m'manja mwangamu. Ndikuilemba ndi cholembera chofiira kuti OSAKHUDZA. Makina aja akadzachira ndidzakukoperani, ndidzabwera nayo ndekha. Mukatuluka pa eda mukaonere pa vidiyo kwa a Faruku.

— Insha Allah. Mudzadya mpunga wa kwathu. Mulungu akudalitseni.

— Musandidalitse kaye, ndikadali wokwiya. Foni yalira kamodzi, mayunitsi akutha. Koma taimani. M'chipinda chodulira zithunzi mulibe munthu. Kuona simungaone, koma makutu muli nawo.

— Mukutanthauza...

— Ndikuilowetsa m'makina. Ili chakumapeto, ndiithamangitse. Apa ayi. Apa ndi mwini nyumba akuwerenga mita ya madzi. Apa ndi ine ndikulalata m'nyumba, musamvere, sindinali bwino tsiku limenelo. Apa... eya, ndatuluka. Yatsala. Mayo ine, mutu ngati chinanazi. Ndikuika foni pa sipika. Khalani chete.

— "Imani, imani, a Flossie, musakoke, mung'amba. Yakola kumbuyo. Taimani ndikuthandizeni... Ii, koma msomali uwu uli ndi diso, wasankha yodula. Hehe! Nayi, valani, palibe waona. Tedson, wazimitsa eti? Tedson? Sunazimitse? Aaa, basi. Moni nonse kunyumbako."

— Mwamva, mayi? Halo? Mayi Sulemani?

— Ndamva.

— Pamene akuti moni nonse, akweza dzanja, wigi ili kudzanja linalo. Kenako abisa nkhope ndi chipewa.

— Avala chiyani?

— Shati ya mizere yobiriwira. Kolala yapindikira m'kati mbali imodzi.

— Nthawi zonse. Ndinkachita kuwathamangira pakhomo. Chipsera chikuoneka?

— Chikuoneka bwinobwino. Ndaimitsa chithunzi, akundiyang'ana pano.

— Anali ndi chimfine.

— Mwati?

— Mawuwo. Mphuno zatsekeka. Sabata imeneyo ndinawafunsa, anati ali bwinobwino, ndi foni ya kwa Tatu imene ikulira moipa.

— Ankayenda ndi mpango m'thumba, zoona. Tinkawauza kuti akagone, osamva.

— Bwezaninso.

— Mayi, foni yaliranso kachiwiri. Ikalira kachitatu ndiye...

— Kamodzi kokha. Poseka paja.

— Chabwino, ndikubweza. Tikaduka musadandaule, tepi ili ndi ine. Mupatseni moni Amira, mumuuze kuti azakhali ake a pa kanema...

— Ndimuuza, ndimuuza. Ikani.

— "...koma msomali uwu uli ndi diso, wasankha yodula. Hehe! Nayi, valani, palibe wa..."

— Halo? A Flossie? Halo?... Halo? Bambo a Amira?